Nyimbo Yosapitirira Mphindi Imodzi

Chala chachikulu cha Milutin chinkaidziwa ntchito yake kuposa mwini wake. Nyimbo ikangofika pa kolasi yomaliza, paja Obren amatsetsereza dzanja pagitala mpaka kumunsi, chalacho chinkadina kabatani ka wotchi mwakachetechete, Milutin n'kumapitiriza kukuwa pamaiki ngati palibe chachitika. Nyimbo ikatha ndi pomwe ankakweza dzanja m'mwamba kuti onse aone, ngati kuti wotchiyo akuiimitsa kumene.

"Zingati?" anafunsa Radoje kuseri kwa ng'oma zake, akupuma wefuwefu.

"Fifite eyiti."

"Mwamva, agalu inu? Fifite eyiti! Amene wagula kale maluwa a maliro anga akabweze kusitolo."

Milutin anatola choko n'kupita kukhoma. Analemba 58 pansi pa 58 ina, imenenso inali pansi pa 57. Chilungamo chake n'chakuti nyimboyo inali itadutsa mphindi imodzi ndi masekondi angapo ndithu. Linali bodza la Lamulungu lililonse, ndipo Seputembala ameneyu linali likukwanitsa zaka ziwiri.

Kuno ku Kraljevo aliyense amene imvi zayamba kumuyendera amaidziwa bandi ya Hladan Var, ngakhale aja amene amaidziwa chifukwa inkawasokoneza tulo ta masana. Dzinalo ndi la kufakitale: ndi momwe owotcherera zitsulo amatchulira malo owotcherera ooneka bwino kunja koma osagwira m'kati. Anaiyambitsa anthu atatu mu 1986, Milutin pamaiki, Obren pagitala, Radoje pang'oma, onse akuphunzira ntchito kufakitale ya mabogi a sitima. Masiku amenewo munthu unkayenera kusankha mbali pakati pa magulu awiri a nyimbo zaphokoso. A panki, aja ometa m'mbali mwa mutu, ankati awa achulutsa gitala, ndi a metala. A metala, aja atsitsi lofika m'chiuno, ankati awa kuimba sadziwa, amangothamanga. Choncho ankamenyedwa uku ndi uku kwa zaka ziwiri, mpaka mbali zonse zinatopa n'kuyamba kuvinira limodzi, kuvina kwake kuja kogundana mapewa mpaka wina kutuluka magazi m'mphuno akuseka. Woimba gitala ya besi yekha ndi amene ankasinthasintha. Jagoda, mayi wa kufamase amene ankaimba besi tsopano, anali atatha zaka khumi ndi zinayi m'gululo, koma ankamutchulabe kuti watsopano.

Wotchiyo inali ya bambo ake a Milutin. Ntchito ya mdalayo kufakitale inali kuimirira kumbuyo kwa munthu, wotchi ili m'manja, n'kumawerenga masekondi amene akutha pomanga bawuti imodzi. Palibe amene ankamuitana kokamwa mowa. Nyimbo yoyamba imene Milutin anapeka inali yonyoza ntchito imeneyo, anaitcha Fulumira, ndipo bambo ake atapuma pantchito, mwanayo anatenga wotchi yomweyo n'kumayezera nyimbo yowanyozayo. Mdalayo anamwalira asanaimvepo, ankati phokoso anamva lokwanira kufakitale.

Lumbiro linabwera mu 1988. Atatuwo anapita ku ukwati wina kuhotela, n'kupeza kuti oimba ake ndi akuluakulu aja ankawagwadira ali ana, tsopano mimba zili patsogolo, nyimbo zawo zakale akuzikoka ngati ngolo yodzaza mchenga. Radoje sanadye kanthu pa ukwatiwo. M'mawa mwake, m'chipinda chapansi pa mdadada wa nyumba zawo momwe ankayeserera, anatulutsa choko m'thumba n'kumupatsa Milutin.

"Lamulungu lililonse tiziyamba ndi Fulumira. Iwe uziyeza, uzilemba apa. Tsiku limene pakhomapa padzalembedwe zopitirira mphindi imodzi, tidzatseke chitseko, dzina tidzalikwirire. Palibe kufuna wang'oma wina, palibe kuchonderera. Ine zokalambira pasiteji ayi."

Onse anagwirana manja. Tsiku limenelo nyimboyo inatenga masekondi 48, ndiye kulumbira kunali kotchipa. Anali ndi zaka makumi awiri, ndipo palibe mwa iwo amene anali atamvapo kuti chigongono chimatha kupweteka.

Khomalo ndilo mbiri yonse ya bandi, kwa wodziwa kuliwerenga. Manambala ang'onoang'ono, awiriawiri, m'mizere yopanikizana kuchokera kudenga mpaka pansi, kuyambira pakona ya mapaipi kulowera kuchitseko. Pali mpata wa chaka chathunthu pomwe Obren anatengedwa kupita kuusilikali. Pali mizere ya 1993, chaka chimene ndalama zinasanduka mapepala wamba ndipo mawaya a besi ankawawiritsa m'poto kuti alirenso. Pali masabata a 1999, ndege zikuponya mabomba, pomwe mdadada wonse unkabisala m'chipinda momwemo, iwo n'kumaimba amayi atatseka ana makutu. Nambala yotsikitsitsa pakhoma lonse, 45, ndi ya nthawi imeneyo, Radoje ankati mantha amathandiza mwendo. Fakitale inatsekedwa, makaseti anatha, anayenda pa kaminibasi kakutha mpaka ku Poland ndi ku Greece kukaimbira anthu makumi asanu n'kugona pansi m'nyumba za eni ake. Manambala aja ankangokwera pang'onopang'ono, 50, 52, 55, koma palibe amene ankawalankhula.

Zaka ziwiri zapitazo dzanja lamanja la Radoje linayamba kuchita dzanzi. Lamulungu lina Milutin anasuzumira wotchi nyimbo ili m'kati, n'kuona muvi uli pa 56 kolasi yomaliza isanathe. Sanaganize n'komwe, chala chinadina chokha. Pobwerera kwawo anadziuza kuti wachitira mlamu wake, poti Radoje anakwatira Desanka, mchemwali wake wamkulu wa Milutin, ndipo munthu sungaphe mwamuna wa mchemwali wako ndi choko. Anadziuza zimenezi Lamulungu lililonse mpaka anatsala pang'ono kuzikhulupirira.

Tsopano, Lachitatu lotsatira Lamulungu lija analemba 58 yomaliza, Desanka anamuitanitsa. Anamupeza kuseri kwa mdadada akuwotcha tsabola wofiira wopangira ajvar, ndiwo yosungira m'mabotolo, pachitofu cha malata, utsi uli tolotolo, mabeseni atatu atadzaza kale. Sanamupatse moni.

"Khala pansi. Senda."

Milutin anakhala pa kreti n'kuyamba kusenda tsabola wotentha. Anali ndi zaka 57, koma pamaso pa Desanka anali akadali kamwana kaja ankakasambitsa m'beseni.

"Alamu ali kuti?"

"Alamu ako ndawatuma kukagula mabotolo ena. Oyamba aja aswa. Khumi ndi awiri, pamasitepe, angowapulumuka m'manja." Anatembenuza tsabola ndi zala zosaopa moto. "Ukudziwa amene amawamanga mabatani a malaya Lolemba lililonse? Ukudziwa kuti supu akumwa ndi dzanja lamanzere, kudzidonthezera ngati khanda? Adokotala anena kuti mtsempha wa m'chigongono wafinyika. Akapanda kusiya ng'oma n'kuchitidwa opaleshoni chaka chino chisanathe, dzanjalo lifa. Lifa, Milutin, lizingolendewera."

"Ndiye muwauze asiye, achemwali."

"Usandipusitse iwe. Yankho lawo ukulidziwa. Akuti khoma silinanene."

Milutin anaweramira m'beseni.

"Khitchini yanga ili pamwamba penipeni pa dzenje lanulo," anapitiriza Desanka. "Zaka makumi atatu makapu anga akuvina nyimbo imene ija. Pakhoma panga pali wotchi ya muvi wa masekondi, ndipo ine kusukulu ndinapitako. Lamulungu lapitali inali mphindi imodzi ndi masekondi asanu ndi atatu. Iwe walemba zingati?"

"Wotchi za m'khitchini zija nthawi zambiri zima..."

"Walemba zingati?"

"Ndimachitira iwowo," anatero Milutin, mawu akutuluka ang'ono. "Mukawalanda ng'oma atsala ndi chiyani? Azingokhala pawindo kuwerenga mabasi?"

"Atsala ndi ine. Atsala ndi zidzukulu ziwiri ndi munda wa mapulamu kumudzi kwawo. Amene atsale manja ali m'khosi ndi ndani, Milutin? Tandiyang'ana."

Sanamuyang'ane.

"Lamulungu ndikutsika ndi wotchi yanga m'manja. Ulembe zoona wekha, apo ayi ndilemba ine. Tsopano senda bwino, ukusiya khungu."

Mawu amenewa anamubaya chifukwa anali oona. Mkazi wa Milutin anapita kunja, ku Stuttgart, ndi mwana wawo zaka khumi ndi zisanu zapitazo, ati akapeze kaye pokhala kenako amuitana, ndipo mpaka pano ayenera kuti akufunafunabe pokhalapo. Masiku asanu ndi limodzi pasabata Milutin ankavala chovesiti chachikasu n'kumasonkhanitsa matilole ogulira zinthu pabwalo la sitolo yaikulu, kapitawo wake wobadwa chaka cha mabomba n'kumamukuwira kuti, "Adala inu, changu!" Zomwe ankanyoza m'nyimbo ndi zomwe ankamvera sabata yonse, n'kumayankha kuti chabwino bwana. Koma Lamulungu ikakwana leveni koloko m'mawa, ankatsika masitepe khumi ndi anayi n'kugwira maiki, ndipo kwa maola awiri ankakhala munthu amene anyamata a ku Poland anadindira dzina la bandi yake pamikono yawo. Kuchotsapo Lamulungu, sabata yake inalibe pogwira. Anachita mantha, mantha enieni.

Lachinayi Milutin anakamupeza Obren pamalo oimika matakisi pafupi ndi siteshoni, akudya burek, mkate wamafuta woika nyama m'kati, pachiwongolero.

"Aise, kagawo kapakati kaja timakabwereza kanayi. Bwanji tizikabwereza kawiri? Palibe angazindikire."

Obren anasiya kutafuna. "Palibe angazindikire? Radoje? Munthu amene anandigenda ndi kamtengo ka ng'oma mu 1994 chifukwa ndinalowa mochedwa ndi kugunda kumodzi? Chipsera chake si ichi?"

"Ndiye titani?"

"Ukufunsa ine? Wotchi ndi yako." Anapukuta mafuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Usamaganize kuti tili ndi matope m'maso, mdala. Ine dzanja langa limadziwa kuti masiku ano likuyenda ngati likupita kutchalitchi. Watsopano uja amajambula pafoni Lamulungu lililonse, ndipo foni imalemba yokha kutalika kwa nyimbo. Tonse tikudziwa. Yekhayo amene sakudziwa ndi mwini wake."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Unene iwe. Ine akadzandifunsa ndidzati ndinali kutchuna gitala."

Mayi wina wa zikwama ziwiri anagogoda pagalasi. Obren anakulunga burek wotsala n'kuliza injini, Milutin n'kutsala ataimirira padzuwa.

Lachisanu madzi anafika m'khosi, ndipo munthu madzi akafika m'khosi, nzeru zimene zimamubwerera zimakhala zochititsa manyazi. Anaganiza chonchi: lumbiro linalumbiridwa pa wotchi ya kufakitale, osati ya m'khitchini. Wotchi ya kufakitaleyo itamachedwa yokha, akhoza kumupatsa Desanka m'manja kuti ayeze yekha, n'kumutseka pakamwa. Pa nthawi ya nkhomaliro anathamangira kumsika, kukanyumba ka a Svetozar okonza mawotchi.

Mkuluyo anatsegula kumbuyo kwa wotchi n'kuika kagalasi padiso.

"Mwaisamala. Vuto lake n'chiyani?"

"Ndikufuna izichedwa."

"Ikuthamanga?"

"Ayi, ili bwinobwino. Ndikufuna kuti mphindi ikakwana, iyoyo izinena fifite."

A Svetozar anachotsa kagalasi kaja pang'onopang'ono. "Zaka makumi anayi ndili m'kanyumba kano. Abweramo oledzera, abweramo amisala. Koma wondipempha kuti ndiphunzitse wotchi bodza, ndinu woyamba." Analoza ndi kasingano. "Mwakaona kachitsulo aka? Nditakakankha mpaka kumapeto, wotchi yanu ichedwa mphindi zisanu patsiku lathunthu. Pa mphindi imodzi simungaone n'komwe."

"Chotsanimo china chake. Thiranimo mafuta olimba. Chilichonse, bambo, ndapota nanu."

Mkuluyo anatseka wotchi n'kuitembenuza m'dzanja mwake. "Ndikuidziwa wotchi iyi. Inaima kumbuyo kwanga zaka zitatu ndisanathawe kufakitale. Bambo anu tinkadana nawo tonse, ine ndinkawalota. Koma sanabepo sekondi, kaya kubera ife kaya kubera mabwana. Tengani, pitani, ndisanakuuzeni mawu oipa."

Loweruka, pochokera kuntchito, Milutin anaima pamlatho wa mtsinje wa Ibar wotchi ili m'manja, akuganiza zoiponya m'madzi n'kudzanena kuti yatayika. Anakumbukira kuti ya Desanka ili pakhoma la m'khitchini, ndipo mtsinje sufika kumeneko. Anaibwezera m'thumba. Inatsala nzeru imodzi yokha, yopusa kuposa zonse: kulawirira Lamulungu, kukazula fyuzi ya magetsi a m'chipinda chapansi n'kuibisa. Sizikanapulumutsa kanthu. Zikanangomupatsa sabata ina imodzi, koma sabata imodziyo ankaifuna ngati mpweya.

Anafika teni koloko. Potsika masitepe anaona kuti getsi layaka kale.

Radoje anali pampando wake kuseri kwa ng'oma. Kamtengo kanali m'dzanja lamanja, ndipo ankayesa kukamangirira ndi tepi yakuda ya amagetsi, mbali ina ya tepiyo ataluma ndi mano. Kamtengo kanapulumuka n'kugwa pansi. Anakatola ndi dzanja lamanzere, n'kukalowetsanso pakati pa zala zimene sizinkafuna kukagwira. Ndi pomwe anakweza maso.

"Mwafika bwino, alamu. Tabwerani mundimange, mano andithera."

Milutin anaima pakhomo. "Mwayamba liti zimenezi?"

"Pa Isitala. Ndimabwera teni koloko, ndikamaliza ndimavala golovesi pamwamba. Mumaganiza kuti golovesi ija ndi fashoni ya ukalamba?"

Milutin anagwada n'kulandira tepi. Aka kanali koyamba kuliona dzanjalo pafupi, lopanda golovesi. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mnofu unali utatha, panali dzenje. Zala ziwiri zakumapeto zinali zitapindikira m'kati, ndipo dzanja lonse linali lozizira ngakhale kunja kunali dzuwa. Anayamba kukulunga, akuopa kufinya.

"Mangitsani, sindikumva kanthu," anatero Radoje. "Komanso achemwali anu sabwera. Ndawauza kuti akaponda masitepe awa ndi chiwotchi chawocho, ine ndisamukira mommuno, chakudya azinditsitsira pachingwe. Alira, anditukwana mpaka agogo anga, koma sabwera. Ndiye pumani. Nkhope yanu ikuoneka ngati mwameza sopo."

Tisabise, mtima wa Milutin unadumpha ndi chimwemwe. Atagwada pomwepo, dzanja lakufa lili m'manja mwake, anasangalala. Manyazi anabwera pambuyo pake, koma chimwemwe ndi chimene chinayamba kufika.

"Wotchi yawo ija imathamanga," anatero, osadziwa kuti akunamiranji.

"Ayi, imachedwa pang'ono. Lamulungu lapitali inati wani zero eyiti. Inali wani zero naini."

Tepi inaima.

"Mangani, mwaimiranji? Alamu, ine ndine wang'oma. Zaka 39 ntchito yanga ndi kuwerenga nthawi, ndimaiwerenga ngakhale ndikutsuka mano. Tsiku loyamba lija inali wani zero wani, inu munalemba 56. Ndinati koma munthu uyu kuba sadziwa, akanalemba 59 bwenzi ndikukayikako."

"Nanga bwanji..."

"Bwanji sindinanene? Ndinayang'ana nkhope yanu mukupita kukhoma. Nkhope imeneyo ndinaionapo kamodzi, pasiteshoni, tsiku limene basi ya ku Stuttgart inanyamuka. Ndinati ayi, munthu uyu sindimusiya pasiteshoni kachiwiri." Radoje anakanda ndevu ndi dzanja lamanzere. "Ndipo lumbiro lija ndinalipanga ndine, mawu ake ndikuwadziwa. Silinena za m'mutu mwanga, silinena za khitchini ya Desanka, silinena za foni ya watsopano. Limanena za pakhoma. Wolemba pakhoma ndinu. Mukalemba 58, Lamulungu likubwerali mundipeza pano teni koloko ndi tepi yanga."

"Adokotala akuti lifa."

"Adokotala sanamvepo Fulumira. Dzanja ndi langa, ndipo ndili nalo lina. Malizani, anthu akubwera."

Milutin anamaliza kukulunga, n'kudula tepi ndi mano, n'kumuveka golovesi. Sabata yonse anazungulira tauni kufunafuna njira yoti bodza lake lipitirire, ndipo tsopano njirayo anapatsidwa yaulere. Desanka sabwera. Obren adzati ankatchuna gitala. Mwini dzanja wavomera yekha. Panalibenso munthu padziko amene akanamuletsa, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa mawu onse a mchemwali wake. Zaka ziwiri ankayenda modzitama mumtima kuti wanyamula mlamu wake, osadziwa kuti iye ndi amene waberekedwa kumsana.

Obren anatsika akutukwana masitepe monga mwa masiku onse. Jagoda anabwera pambuyo pake ndi khofi wa onse m'makapu a pepala, n'kuimika foni yake pasipika. Palibe amene anafunsa chifukwa chimene awiriwo alawirira. Anatchuna, sipika zinalira, Radoje anakweza timitengo m'mwamba.

"Tiyeni, agalu inu."

Anagunditsa timitengoto kanayi, Milutin n'kudina wotchi.

Chipinda chinagwedezeka. Fumbi linatsika m'mapaipi, ndipo pamwamba makapu a Desanka ayenera kuti anayamba kuvina. Milutin anakuwa ndime yoyamba, mawu omwe aja anapeka ali mnyamata potukwana bambo ake, fulumira, fulumira, wakumbuyo kwako akuwerenga. Nthawi zonse ankaimba atayang'ana kuchitseko, ngati kuti kuli khamu la anthu. Tsiku limeneli anatembenuka n'kuyang'ana ng'oma. Anaona zimene kwa zaka ziwiri ankazipatsa msana. Mkono wa Radoje sunkapindikanso pa mfundo ya dzanja, ntchito yonse inkachokera paphewa, thupi lonse likugwera pang'oma pa kugunda kulikonse. Mano anali atalumana, mitsempha ya m'khosi ili panja, thukuta lili kamukamu. Ndipo munthuyo ankayesetsabe kuthamanga, ngakhale ankadziwa kuti nambala yake inakonzedwa kale.

Kagawo kapakati kanabwerezedwa kanayi. Obren anatsetsereza dzanja pagitala mpaka kumunsi. Kolasi yomaliza.

Chala chachikulu cha Milutin chinapita chokha pakabatani, poti chinkadziwa ntchito yake. Anachimva chikuyamba kufinya. Radoje anakweza maso pakati pa kumenya, n'kumugwedezera mutu pang'ono, kumuuza kuti dinani, alamu, musaope.

Milutin anachotsa chalacho n'kuchipinda m'kati mwa chibakera, wotchi ikugunda pamwamba pake. Anakuwa kolasi yonse mpaka mawu anasweka, ndipo mzere womaliza anangoulankhula ndi mpweya. Chitsulo chomaliza cha Radoje chinalira. Phokoso litazilala, onse anamva kabatani kakuti khethe, kulira kumene chipindacho chinali chisanamve kwa zaka ziwiri.

"Zingati?" anafunsa Radoje.

Milutin anatola choko n'kupita kukhoma. Mzere womaliza unali wopanikizana ndi felemu ya chitseko, ndipo mpata wake unali wa manambala awiri okha, monga mizere yonse kuchokera mu 1988. Analemba 1, n'kuika timadontho tiwiri, n'kulemba 1 wina. Khoma linathera pomwepo. Nambala yomaliza, 1 winanso, anailemba pathabwa la chitseko.

Obren anazimitsa sipika yake osauzidwa. Jagoda anatembenukira kukona n'kuyamba kukulunga waya umene sunkafunika kukulunga. Pamwamba, m'khitchini, mpando unakhwekhwerezeka.

Radoje anayang'ana khomalo nthawi yaitali, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Wani leveni," anatero. "Ine ndinawerenga wani teni."

"Ndi wani leveni, alamu."

"Chabwino. Wotchi ya mdala siinama."

Anavula golovesi ndi mano n'kuilavulira pansi. Kenako anatambasula dzanja lamanja pamwamba pa ng'oma, kamtengo kakadali komangirira pomwepo.

"Ndimasuleni, alamu."

Milutin anagwada. Anali atamangitsa monga anauzidwira, ndipo tepi yakuda siioneka pomwe yathera. Anayamba kuifunafuna ndi chikhadabo, kuzungulira dzanjalo kamodzi, kawiri, maso asakuona kanthu, Radoje akumudikira.